Anthu Osalankhula a Pabenchi

Alamu anga anayamba kumeta anthu ine ndikadali ndi tsitsi, ndipo amene amandidziwa akuuzani kuti pamenepo ndi kale zedi. Anakwatira achemwali anga ine ndili kamnyamata kothawathawa sukulu. Nditaisiyiratu, ndi iwo amene anandipatsa kona ya khonde la shopu yawo kuti ndizisokerapo nsapato. Anati, "Poti kumutu kwakana, kayese kumapazi." Mpaka lero ndili kumapaziko. Tsitsi langa litayamba kuthothoka anandipatsanso dzina loti Chidazi, n'kumauza anthu kuti ndinachita dala pofuna kuwagwetsera bizinesi.

Iwo dzina lawo la mumsewu wathu ndi a Pamzere. Shopu yawo ndi chipinda chimodzi choyang'ana kumsewu. Muli mpando umodzi wozungulira, womwe chikopa chake chitang'ambika ndinachisoka ine ndi ulusi wa nsapato. Muli galasi lalikulu la mng'alu pakona, shelefu ya makina, zipeso, burashi ndi botolo la sipiriti, kenako benchi yaitali yotsamira khoma. Dzina lawolo linachokera pabenchipo. Wofika poyamba amakhala kufupi ndi mpando, wina akametedwa onse amasendera, ndipo palibe kulumpha. Bwana wina anabwerapo pagalimoto, injini osazimitsa, n'kunena kuti ali ndi msonkhano. Alamu anamuloza kumapeto kwa benchi n'kunena kuti, "Tsitsi la bwana ndi la mlonda limakula liwiro limodzi." Bwanayo anakazimitsa galimoto.

Koma wometa aliyense ali ndi mitu imene saifuna. Pali woledzera amene amagona makina ali pakhutu. Pali uja umamumeta bwinobwino koma iye n'kumalimbikira kuti khutu lina lakwera. Alamu sankatha kukana munthu pamaso. Tsiku lina kunabwera chidakwa china pabenchi palibe ndi mmodzi yemwe, iwo n'kuloza benchi yopanda munthuyo mwaulemu wonse.

"Pepani achimwene, mzerewu mukuuona nokha. Mubwere mawa."

Munthu uja anayang'ana benchi, n'kuyang'ana ine pakhomo. Ine ndinavula chipewa, ndinaweramira benchiyo, ndikuti, "Mwaswera bwanji agogo? Tasenderani pang'ono ana akhale." Chidakwa chija chinatikita m'maso, chinapepesa benchi, n'kutuluka chobwerera m'mbuyo. Akuti sabata imeneyo sichinalawe ndi dontho lomwe.

Kuyambira pamenepo alendo a pabenchi anasanduka antchito athu. Akabwera munthu wovuta, alamu ankangoloza, ife n'kuyamba kupereka moni kwa mphepo. Ndikati ife ndikunena ine ndi a Dalaivala, mnzawo wa alamu wakalekale amene anapuma ntchito yoyendetsa mabasi n'kuyamba ntchito yotenthetsa benchi yathu. Lamulo la masewerawo linali limodzi, osaseka mpaka munthuyo atakhota pakona. Tinachita zimenezi zaka zambirimbiri.

Dzanja la alamu linayamba kunjenjemera kalekale, lakumanja. Chala chachikulu ndi cholozera zinkapekesana ngati munthu akupota ulusi. Kuchipatala anati ndi matenda onjenjemera aja otchedwa Pakinisoni, anawapatsa mapiritsi, moyo n'kumapitirira. Chodabwitsa chake, dzanjalo linkanjenjemera likakhala lopanda chochita. Likangogwira makina kapena lumo, phee, mzere wa pachipumi n'kutuluka wowongoka ngati wajambulidwa ndi rula. Akamaliza ankalibisa m'thumba la epuloni kuti likavinire m'menemo. Ine ndinkati dzanjalo latengera achemwali anga, silidziwa kukhala pansi.

Kenako mayendedwe anasintha, anayamba kukhwekhwereza mapazi, moti zidendene za nsapato zawo ndinkazisintha pafupipafupi. Achemwali ankadandaulanso kuti amuna awo akumenya nkhonya kutulo. Ndinawayankha kuti mwina akubweza za masana. Nkhope nayo inauma. Kale akamanena za alendo, pakona ya mlomo pankagwedera pang'ono, ndipo wochenjera ankawagwira bodza pamenepo. Tsopano nkhope inali gwa ngati chitseko, maso osaphethira. Ine ndi a Dalaivala tinagwirizana kuti mdala wafika pachimake pa luso.

Zonsezi tinkazidziwa kuti ndi za matenda a dzanja. Palibe anatiuza kuti matendawo amakwera mpaka kumutu.

Chaka chathachi alamu anayamba kuitana alendo popanda womuthamangitsa. M'mawa akamasesa ankazungulira malo ena ndi tsache, n'kunena chapansipansi kuti, "Kwezani miyendo, agogo." Ine pakhonde ndinkaseka mpaka singano kundibaya. Alendowo anayamba kukhala ndi maonekedwe. Panali agogo a jekete lalitali, panali mayi wa duku wokhala ndi ana awiri ang'onoang'ono okonda kulowa pansi pa shelefu. Ife tinawalandira ndi manja awiri. A Dalaivala ankafunsa agogo a jekete ngati anakwerapo basi yawo. Ine ndinkalowa ndi burashi n'kupukuta nsapato zosaoneka, ndikudandaula kuti anthu a masiku ano sasamala zidendene.

Tsiku lina anabweza a Dalaivala enieniwo. Iwo anali atakhala kale pampando, alamu n'kuwagwira paphewa.

"Mwalumpha anthu. Mayiwa abwera m'mamawa."

"Iii, pepani mayi," anatero a Dalaivala akudzuka, akuwombera m'manja mphepo. "Ukalamba uwu, maso anapita."

Anakakhala kumapeto kwa benchi n'kudikira. Alamu anaima pambali pa mpando wopanda munthu, nsalu ili m'manja, akuyang'ana pabenchi, kudikira kuti mayiyo adzuke. Anaima nthawi yaitali ndithu. Kenako anapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Sakufuna. Bwerani inuyo." Tinaseka mpaka misozi. Madzulo ake ndinakauza achemwali kuti amuna awo anataya mwayi, akanalowa zisudzo bwenzi tonse tikuyenda pagalimoto.

Tsoka silinunkha. Linali tsiku wamba, dzuwa lili paliwombo, mumsewu magalimoto akulizirana mahutala. Kumutu ndilibe chometa koma ndevu ndili nazo za anthu awiri, choncho ndinakhala pampando. Alamu anandifunditsa nsalu, anandipaka thovu, anatsegula lumo lawo lopinda lija limene saligwiritsa munthu wina aliyense. Anapala tsaya lakumanzere bwinobwino. Anandikweza chibwano ndi chala, ine n'kuyang'ana kudenga, lumo n'kutsikira pakhosi. Litafika pakholingo penipeni, linaima.

"Chidazi," ananong'ona, "usagwedezeke."

"Mwapeza golide, alamu?"

"Kamwana kaja kakwera pamiyendo pako. Kakufuna kugwira lumo."

A Dalaivala pabenchi anaphulika nako kuseka. Ine ndinaseka ndi mimba yokha poti pakhosi panali chitsulo. Ndinati, "Kauzeni kabwerere pamzere, kalumpha anthu."

"Usaseke! Ndingakacheke zala kamwanaka!"

Mawu amenewo sanali a masewera. Ndinatsitsa maso n'kuyang'ana m'galasi. Alamu sankayang'ana ine, sankayang'ananso a Dalaivala kuti aone ngati nthabwala yagwira. Maso anali tuzu pamaondo anga, pansalu yopanda kanthu, thukuta likutsika m'mbali mwa khutu. Ndipo popeza dzanja linali litasiya ntchito, linayamba zake zija. Ndinamva lumo likugogoda pakholingo panga, pang'onopang'ono, ngati munthu waulemu akugogoda pachitseko. Kenako ndinamva kutentha, ndipo m'galasi ndinaona thovu loyera likusanduka lofiira.

Ine ndine munthu wa pakamwa, koma tsiku limenelo nthabwala zinandithera. Kumbuyoku a Dalaivala anali akusekabe, chifukwa pamene anakhalapo sankaona khosi langa. Sindidziwa nzeru inachokera kuti, mwina kwa ana anga omwe ndinawalanda mipeni kangapo. Ndinalankhula osagwedeza chibwano.

"Alamu, kwezani lumo m'mwamba. Kwezani kwambiri kasalifikire."

Analikweza msangamsanga mpaka pamwamba pa mutu wawo, monga momwe munthu amachitira pobisira mwana chinthu chakuthwa. Apo a Dalaivala anaona magazi pansalu, kuseka kuja kunaduka ngati wayilesi yazimitsidwa. Alamu anapinda lumo, analiponya m'thumba la epuloni, n'kutenga thonje ndi sipiriti. Bala silinali lalikulu.

Ndinafunsa, "Alamu, muno muli ndani ndi ndani?"

"Funso lanji limenelo? Iwe, a Dalaivala, agogo a jekete, mayiwa ndi ana awo."

"Mukuwaona? Ndi maso anuwa?"

Anandiyang'ana ngati ndine amene ndasokonezeka. "Si iwe umawapatsa moni tsiku lililonse? Dzulo lomweli unawapukutira nsapato."

A Dalaivala anagwira pakamwa. Alamu anayang'ana ine, anayang'ana a Dalaivala, anayang'ana benchi kuyambira uku mpaka uko, nkhope ili gwa monga mwa masiku onse, koma mawu anatuluka aang'ono ngati a mwana.

"Kodi inu simuwaona?"

Achemwali ndi alamu ali ndi mwana wamkazi mmodzi, amene ine ndinamutcha Kapitawo ali wamng'ono chifukwa ankafola zidole zake n'kumazikalipira. Dzinalo linamutsata, pano amayang'anira anthu pafakitale ina ya zovala. Ndi munthu wabwino koma saseka za ziii, ndipo bambo ake amawakonda mokalipa. Ataona pulasitala pakhosi panga sanafunse zambiri. M'mawa mwake tinali kuchipatala, iye, bambo ake ndi ine monga mboni yokhala ndi chizindikiro.

Adokotala anali mayi wofatsa wa magalasi. Anafunsa mafunso ambiri, za tulo, za kuiwala, za masiku amene alamu amangokhala ndwii osadziwa kuti makina awaika pati. Kenako anawapatsa pepala kuti ajambule wotchi ndi manambala ake. Munthu amene wakhala akuwongola mizere pamitu ya anthu moyo wake wonse anajambula chinthu chonga dzira lophwanyika, manambala onse ataunjikana mbali imodzi ngati anthu obisala mvula. Kapitawo anatembenukira kuwindo.

Adokotala anafotokoza kuti m'thupi muli tinthu tomangira thupi totchedwa mapuloteni. Pa matenda amenewa mtundu wina wa tinthuti umapindika molakwika n'kuyamba kuundana timibulu m'kati mwa ubongo. Timibuluto tikaunjikana kumene kumayendetsa thupi, munthu amanjenjemera ndi kuuma. Patapita zaka, mwa anthu ena timafalikira kumene kumaganiza ndi kumene kumamasulira zimene maso aona. Apo munthu amayamba kusokonezeka, lero kwawala mawa mitambo, ndipo amaona anthu kapena nyama zimene palibe, zooneka bwinobwino ngati zenizeni.

Tsiku limenelo kwa alamu kunali kowala. Anamvetsera zonse, kenako anati, "Ndiye kuti zili ngati makina ometera. Tsitsi ndi mafuta zikaundana m'mano, amayamba kudumpha ndi kuluma."

"Mwafanizira bwino, bambo."

"Ine ndimachotsa ndi burashi. Yanu ili kuti?"

Adokotala anavula magalasi. "Burashi yake sinapezeke. Tili ndi mankhwala othandiza kuti masiku owala achuluke, koma timibuluto sitingatichotse." Anachenjezanso Kapitawo kuti wina asadzawapatse mapiritsi a misala ongotola, chifukwa ena mwa iwo amaumitsa munthu wa matendawa ngati thabwa.

Ine ndinali ndi funso langa lomwe linkandidya. Ndinafotokoza za masewera athu, n'kufunsa ngati ndife tinawaitana anthuwo. Adokotala anati ayi, akanabwerabe, masewerawo anangowapatsa pobisala.

Tikutuluka pageti Kapitawo anagamula mlandu. "Shopu yatsekedwa. Kuli munthu akufuna chipindacho kuti azikonzeramo mafoni, mwezi ukatha ndikumupatsa kiyi. Ndipo lumolo mundipatse, ababa."

Alamu anagwira thumba lawo. "Lumo ili ndinaligula iwe usanabadwe."

"Dzulo likanapha amalume."

"Ukatseka, alendowo apita kuti?"

Kapitawo anangopitirira kuyenda. Madzulo ake pachitseko cha shopu panali loko watsopano, wonyezimira. Lumo lokha analephera kuwalanda, ankagona nalo m'thumba.

Funso lawo lija linali ndi yankho. Alendo anasamukira kunyumba. Kushopu alamu ankadziwa chochita nawo, ankawakhazika pamzere n'kuwasiya adikire. Kunyumba kunalibe benchi. Agogo a jekete ankaima pakhomo la bafa, alamu n'kumaopa kulowa. Ana aja ankakwera patebulo pa nthawi ya chakudya, alamu n'kukankha mbale. Anasiya kusamba, anasiya kulankhula, ankangokhala pasofa dzanja likuvina pabondo, maso ali pakona. Pasanathe masabata awiri munthu anakalamba zaka khumi. Ine ndinkasokabe nsapato pakhonde la chitseko chotseka, ndipo ndisaname, ndinkaganizanso za kona yanga, poti wa mafoniyo anali atabwera kale kudzayeza khondelo ndi maso.

Tsiku lina m'mawa achemwali anabwera pakhondepo atagwira amuna awo padzanja. Anamasula mfundo ya mpango n'kutulutsa kiyi wachiwiri wa loko uja, amene Kapitawo anawasungitsa.

"Achimwene, tengani mlamu wanu. M'nyumba mwadzaza, ine ndatopa kupepesa makoma."

Nditatsegula, alamu analowa, ananunkhiza mpweya wa sipiriti ndi tsitsi lakale, n'kuvala epuloni okha popanda wowathandiza. Anayang'ana benchi n'kugwedeza mutu.

"Afika kale," anatero. Kenako anandiyang'ana. "Usandinamizenso, Chidazi. Ndikakufunsa, uzinena zoona."

"Pabenchi palibe munthu, alamu."

"Ndikudziwa. Koma alipo." Anakhala pampando wawo. "Ndawaonetsetsa masiku onsewa. Pali chimodzi. Salankhula. Ungawapatse moni, ungawakalipire, amangokuyang'ana. Chiyambire sindinamve mawu awo."

Galu wamkota sakandira pachabe. Tinapangana pomwepo kuti wolowa m'shopu azilowa ndi pakamwa. Moni wa ulemu wong'ung'udza sunkakwanira, chifukwa phokoso la mumsewu linkaumeza. Pankafunika mawu oti munthu amve kuti afika. Ine ndinakhala mlonda wa pakhomo. Aliyense wobwera ndinkamuuza kuti, "Za ndevu iwalani, muno ndi makina okha. Ndipo mukalowa muwanyoze mokweza." Ena ankadabwa, koma anthu a mumsewu wathu kunyoza sachita kuwaphunzitsa.

"A Pamzere, mwadzuka? Ndimayesa munagulitsidwa pamodzi ndi mpando!"

"Khala apo, mutu ngati chidebe chogwa pa lole."

"Mdala, lero mundimete ngati munthu, ulendo watha mkazi wanga anandifunsa ngati ndinagwidwa ndi apolisi."

"Anakufunsa chifukwa cha nkhope, osati tsitsi. Sendera."

Wolankhula ankalowa pamzere. Osalankhula ankadikira, ndipo kudikira sankatopa nako. Masiku a mitambo, alamu akayamba kufunafuna chipeso chili m'manja mwawo, ndinkabweza anthu n'kuwakhazika pakhonde kuti azindinyoza ine. Lumo linali m'thumba la epuloni, lopinda. Ndinkaliona likulemera pamenepo ndipo khosi langa linkayabwa, koma ndikalitchula ankangoti, "Soka nsapato."

Tinkadziwa kuti Kapitawo amva. Anamva mwezi utatsala pang'ono kutha. Anatulukira masana, atavala yunifolomu ya kuntchito, nkhope ngati mvula ya matalala. Ine ndinali ndi misomali ing'onoing'ono pakamwa, ndikukhoma chidendene, moti ndisanailavule anali atandidutsa kale osandipatsa moni. Analowa, anakhala pabenchi kufupi ndi mpando, anapinda manja pachifuwa. Anabwera kudzaona ndi maso ake, agwire umboni, ndiye atseke. Za lamulo lathu sankadziwa kanthu.

Alamu anali akumaliza a Dalaivala. Anatembenuka, anamuona. Anamuyang'ana nthawi yaitali, makina akulira m'manja. Kapitawo anawayang'ananso, milomo ili yotseka. Alamu anabwerera kumutu wa a Dalaivala, anamaliza, anakutumula nsalu. Kenako anadutsitsa maso pa mwana wawo ngati akudutsa pakhoma, n'kuitana mnyamata wa pagalaja amene anakhala kumapeto, yemwe polowa anali atawauza kuti epuloni yawo ikufanana ndi chigamba cha matayala.

Chiyambire shopu imeneyo sindinaonepo a Pamzere akulumpha munthu. Ndinaima pakhomo misomali ili m'manja. Iwo anafunditsa mnyamatayo nsalu, kenako anandikodola, n'kulankhula motsitsa koma momveka m'chipinda chonse.

"Chidazi, lero kwabwera watsopano. Wakhala apo, pafupi ndi agogo a jekete. Usayang'ane, palibe chimene uone. Enawa sindiwadziwa, ndiye sandipweteka. Koma uyu wafanana ndi mwana wanga. Mpaka kachipsera ka pachipumi. Matendawa alibe chisoni, mlamu."

Ndinaona manja a Kapitawo akumasuka pachifuwa. A Dalaivala anayang'ana pansi. Mnyamata wa pagalaja anauma pampando.

Ndinati, "Alamu, nanga akakhala kuti ndi iyeyo?"

"Si iye. Mwana wanga akanakhala kuti walowa muno, bwenzi atandikalipira kale."

Ndinamuyang'ana Kapitawo n'kumukwezera zikope. Misozi inali ikutsika mpaka pakolala ya yunifolomu. Anaipukuta ndi kuseri kwa dzanja, anaimirira, anakoka mpweya, ndipo mawu amene anatuluka ndi omwe aja amanjenjemeretsa fakitale yonse.

"Ababa! Nsalu imeneyi munaichapa liti? Mukufunditsa anthu chinthu chakuda chonchi? Nanga tsitsi lili mbwee pansipa, tsache linapita kumaliro? Mapiritsi a masana mwamwa?"

Alamu anazimitsa makina. Pakona ya mlomo wawo, pamalo paja pamene panauma kalekale, panagwedera.

"Ndi iyeyo," anatero.

Anayenda mokhwekhwereza mpaka pamene anaima mwana wawo, anamugwira tsaya ndi dzanja lonjenjemeralo ngati akuyesa ngati lili lotentha. Kenako anapisa m'thumba la epuloni, anatulutsa lumo, analitembenuza n'kumupatsa chogwirira chili kutsogolo.

"Ili tenga. Ndakulumpha pamzere, ndiye kuti maso anga sayeneranso chitsulo chimenechi. Koma mpando undisiyire. Kunyumba anthuwa amandizungulira, kuno amakhala pansi. Tsiku limene ndidzasiye wolankhula n'kufunditsa nsalu wosalankhula, Chidazi adzakuitana. Udzabwere ndi loko wako, sindidzakana."

Kapitawo anayang'ana lumo, anayang'ana ine. "Amalume, mudzandiitana? Osapanga nthabwala?"

"Pa ichi chokha nthabwala ndinasiya," ndinatero, ndikuloza chipsera cha pakhosi.

Anaika lumo m'chikwama. Anatulutsa kiyi wake, anamuyang'ana kanthawi, n'kumuika pashelefu pakati pa zipeso ndi botolo la sipiriti. Kenako anatenga tsache n'kuyamba kusesa yekha, akudandaula za fumbi la pagalasi. Atafika pabenchi, alamu anati, "Pamenepo pali miyendo ya agogo." Tsache linaima. Kapitawo anati, "Palibe munthu, ababa," koma anazungulira.

Wa mafoni anakapeza chipinda kwina. Masiku a mitambo akuchuluka, sindingabise. Sabata yatha alamu anandifunsa kawiri kuti makina amayatsira pati, ndipo alendo awonjezekera galu wakuda amene amagona pansi pa mpando. Tsiku loitana Kapitawo likubwera, nambala yake ndinaiika poyambirira mufoni. Koma mpaka lero wosalankhula sanafundepo nsalu.

Ndevu zanga tsopano zafika pachifuwa, chifukwa kukametetsa kwina ndikuona ngati kuchita chibwenzi mkazi ali moyo. Alamu akuti ndikuoneka ngati tsache loimika chadodolido. Kapitawo amadutsa akaweruka kuntchito, ndipo amayamba kukalipa akadali kutsidya kwa msewu, za nsalu, za mapiritsi, za ndevu zangazi. Anthu odutsa amatembenuka kudabwa kuti mwana wamkazi angalankhule chonchi kwa bambo ake. Alamu akamva amazimitsa makina, n'kuuza a pabenchi onse, olankhula ndi osalankhula omwe, kuti asendere.